Mafuta a mu mtedza: ndi nthaka, ndi manyowa, kapena ndi mtundu wa mbewu?

Nabanda (Lobi): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa odziwa. Ku kopaletivi kwathu tili ndi kamakina kofinyira mafuta, koyendera injini ya dizilo. Chikutizunguza mutu n'chakuti anthu awiri akabweretsa mtedza woswa wolemera chimodzimodzi pasikelo, mafuta ake satuluka ofanana. CG7 amatulutsa ambiri, Chalimbana amachepa, ndipo pali kamtedza kena kamakolo kamene kamangotisiyira keke wambiri. Mamembala ayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira, ena akuti mnyamata wofinyayo akuba. Kodi gwero lake ndi munda, feteleza, kapena mtundu wa mtedzawo?

Bambo Ngozo (Bembeke): Anabanda musavutike, nkhaniyo ndi nthaka basi. Mtedza wa pa katondo wodya manyowa umanona, wa pamchenga umakhala wouma. Ine ndakalamba khasu lili m'manja, zimenezi ndaziona.

Che Saidi (Golomoti): Kapena wina akubweretsa wosauma. Umalemera pasikelo koma kulemerako ndi madzi. Ife ogula timawadziwa, ena amachita kuwaza madzi makoko kuti asavute kuswa.

Mlangizi Mwale (Nsipe): Che Saidi, khalidwe lowaza madzilo ndi limene likutibweretsera chuku, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Anabanda, mnyamatayo musamunamizire. CG7 anatulutsidwa kuno mu 1990, ntchito ya a ku Chitedze pamodzi ndi a ICRISAT, bungwe la kafukufuku wa mbewu, ndipo kuyambira kale timadziwa kuti ndi wamafuta. Mafuta ake amakhala cha m'ma 48 peresenti, pamene Chalimbana ali cha m'ma 45. Ziwerengerozo zikuoneka zoyandikana, koma pa thumba la makilogalamu 50 kusiyanako ndi kilogalamu imodzi ndi theka, kutanthauza kuposa lita imodzi ndi theka. Dzalani mitundu iwiriyo m'munda umodzi, mizere yoyandikana, manyowa ofanana, CG7 adzapambanabe.

Bambo Ngozo (Bembeke): Ndiye alangizi mukuti manyowa anga ndi achabe?

Mlangizi Mwale (Nsipe): Ayi Angozo, sindinatero. Munda wosamalidwa umakhwimitsa mtedza bwino, ndipo mtedza wokhwima uli ndi mafuta ambiri kuposa wokumbidwa msanga. Mafuta amalowa m'njere kwambiri m'masabata omaliza, n'chifukwa chake wothamangira kukumba poopa akuba amataya mafuta. Koma munda umangothandiza mbewu kufika pamlingo umene inabadwa nawo, sungaidutsitse. Tili ndi mwana wathu muno amene anaphunzira zimenezi ku Bunda. Tamanda, uli kuti?

Tamanda (Dedza boma): Ndilipo bambo, ndimawerenga mwakachetechete. Ndiyesa kufotokoza, mundikhululukire ngati nditalikitse.

Mafuta sachokera m'nthaka. Muzu sukoka mafuta pansi. Tsamba limapanga shuga kuchokera ku dzuwa, mpweya ndi madzi, shugayo amatsikira ku njere, ndipo njere ndi imene imasankha choti ichite naye. Ikhoza kumusandutsa sitachi monga chimanga chimachitira, ikhoza kupanga mapuloteni, kapena mafuta. Chosankhacho chinalembedwa kale m'majini a mbewuyo, malangizo a chibadwa amene ali mu DNA ya m'selo iliyonse.

Kuti shuga asanduke mafuta pamafunika ma enzyme ambiri, mapuloteni osintha chinthu china kukhala china, ogwira ntchito motsatizana, ndipo enzyme iliyonse ili ndi jini yake. Ena amaphwanya shuga, ena amalumikiza tizidutswato kukhala maunyolo a ma carbon 16 kapena 18, ndiye pamapeto ina yotchedwa DGAT imamangirira unyolo wachitatu, womaliza, pa tsinde lotchedwa glycerol, mafuta n'kukhala atatheka. Akatero amasungidwa m'timadontho ting'onoting'ono tokutidwa ndi puloteni, ndipo timadontho timeneti ndi timene makina anu amaphulitsa pofinya.

Tsono pali jini imodzi imene ndimaikonda, dzina lake WRINKLED1. Iyoyo sipanga mafuta. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo pa esiteti, amene sagwira khasu koma akapanda kudzutsa anthu m'mawa ntchito siigwirika. Anaitulukira mu 1998 a Focks ndi a Benning pa kaudzu kena kotchedwa Arabidopsis kamene asayansi amakonda kuyeserapo zinthu. Kambewu kamene jiniyi inali yowonongeka kanabala njere zokwinyika, mafuta atatsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Dzuwa lomwelo, dothi lomwelo, madzi omwewo. Kenako anadzaipezanso mu chimanga, mu soya, mu kanjedza wa mafuta ndi mbewu zina zambiri.

Yohane (ku Joni): Eeh asisi, mwatilowetsa m'kalasi ya Fomu 4 opanda yunifolomu kkkk

Nabanda (Lobi): Musiyeni alankhule inu. Tamanda mwanangu, ndiye kuti CG7 ali ndi kapitawo wolimbikira kuposa wa Chalimbana?

Tamanda (Dedza boma): Mayi, zikanakhala zophweka choncho bwenzi ntchito itatha kalekale. Kuchuluka kwa mafuta sikugwiridwa ndi jini imodzi. Ndi majini ambirimbiri, iliyonse kuwonjezera kapena kuchotsa pang'ono. Kusiyana kwa CG7 ndi Chalimbana ndi kuphatikiza kwa zonsezo.

Aphunzitsi Mbewe (Linthipe): Apa ndiloleni ndiponyepo chitsanzo chimene ndimawauza ana anga. Ku Illinois, ku America, mu 1896 munthu wina dzina lake Cyril Hopkins anayamba ntchito imene agogo athu akanaimvetsa bwinobwino, kusankha mbewu. Anatenga chimanga choyera chamtundu umodzi chimene mafuta ake anali 4.7 peresenti. Chaka ndi chaka ankayeza mafuta a m'njere za pa chitsononkho chilichonse, n'kudzala njere za chimanga chamafuta ambiri pachokha, zamafuta ochepa pachokhanso. Iye atachoka ena anapitiriza, mibadwo ya chimanga yoposa 100. Mbali yamafuta ambiri inafika cha m'ma 20 peresenti. Mbali inayo inatsika mpaka pansi pa 1 peresenti, mwakuti anaisiya chifukwa njere zinayamba kuvuta kumera. Atafufuza DNA yake m'zaka za m'ma 2000 anapeza kuti malo osachepera 50 ndi amene akukhudzidwa. Palibe anaika kanthu m'chimangacho, kunali kusankha chabe, ndipo Hopkins ankachita izi mawu akuti jini asanabadwe n'komwe.

Che Saidi (Golomoti): Nanga chimanga chimenecho chili kuti? Ine ndikanagula lero lomwe.

Aphunzitsi Mbewe (Linthipe): Simungachikonde Che Saidi. Njere zake n'zazing'ono, mtima waukulu, ufa wochepa, ndipo zokolola pa ekala n'zotsika. Chinali choyesera.

Che Saidi (Golomoti): Ndiye funso langa ndi ili. Ngati asayansi akumudziwa kapitawoyo, bwanji osangotipangira mtedza wa mafuta 70 peresenti tilemere?

Tamanda (Dedza boma): Chifukwa mafuta ndi okwera mtengo kwa mbewu, achimwene. Shuga wa galamu imodzi amatulutsa sitachi pafupifupi magalamu 0.8, koma mafuta amangotuluka 0.3 ndi pang'ono. Shuga amene tsamba likupanga ndi yemweyo, ndiye mukakokera ku mafuta kwina kuperewera. Pa soya zimaoneka poyera. Soya ali ndi mafuta cha m'ma 20 peresenti ndi mapuloteni cha m'ma 40, ndipo obereketsa mbewu akhala akulimbana nazo kwa zaka zambiri, mafuta akakwera mapuloteni amatsika. Tsono soya wathu, kaya Tikolore kaya Makwacha, ndalama zake zambiri zili mu keke wa chakudya cha nkhuku. Kukweza mafuta n'kugwetsa mapuloteni kungakhale kudzibaya.

Malo amene zinatheka kwambiri ndi pa mpendadzuwa. Ku Krasnodar, ku Russia, Vasilii Pustovoit anathera moyo wake wonse akusankha mpendadzuwa, ndipo anakweza mafuta kuchoka cha m'ma 30 peresenti kufika 50. Koma gawo lalikulu la kupambanako linali kupepuza khungu la njere. Mpendadzuwa wakuda uja wa khungu lopyapyala ndi wamafuta, wamizeremizere wa khungu lokhuthala uja ngwokazinga.

Mayi Nankhoma (Lizulu): Zoonadi, wamizere uja makina amangolira nawo, mafuta pang'ono.

Nabanda (Lobi): Ndamva, mnyamata wathu wapulumuka. Koma ndili ndi lina. Timapanganso chiponde. Chikakhala pa shelefu miyezi ingapo, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, chimayamba kafungo ndi kuwawa kukhosi ngakhale kuti chuku mulibe. Ogulitsa m'magolosale amatibwezera. Zimenezonso ndi za majini?

Tamanda (Dedza boma): Mayi, apa ndiye mwafika penipeni, ndipo kwa ine nkhani iyi ndi yaikulu kuposa ya kuchuluka kwa mafuta.

Mafuta a mtedza ali ndi mitundu iwiri ikuluikulu, oleic ndi linoleic. Onse ndi maunyolo a ma carbon 18, koma oleic ali ndi malo amodzi opindika pamene linoleic ali nawo awiri. Pamalo opindikapo ndi pamene mpweya umagwira n'kuyamba kuwononga, choncho linoleic amawonongeka msanga kwambiri kuposa oleic. Kafungo kamene mukumvako ndi linoleic ameneyo akuphwanyika. Mu mtedza wamba oleic amakhala pafupifupi theka, linoleic cha m'ma 30 peresenti, kutengera mtundu.

Njere imayamba yapanga oleic, kenako enzyme ya jini yotchedwa FAD2 imamusandutsa linoleic. Mosiyana ndi kuchuluka kwa mafuta, apa jini zake ndi zowerengeka. Mtedza timadzalawu unachokera ku mitundu iwiri yakutchire ya ku South America imene inakwatirana kalekale, ndiye uli ndi FAD2 ziwiri, ina kuchokera kwa kholo ili ina kwa kholo linalo. Mu 1987 ku University of Florida, a Norden ndi anzawo akuyeza mitundu imene anali nayo anapeza umodzi, F435, umene FAD2 zonse ziwiri zinali zakufa mwachibadwa. Oleic wake anali pafupifupi 80 peresenti, linoleic 2 peresenti yokha. Kuchokera pamenepo anatulutsa mtundu wa SunOleic 95R mu 1995. Mtedza wotere ndi chiponde chake zimakhala nthawi yaitali kangapo zisanayambe fungo, ndipo makampani opanga maswiti ndi chokoleti kunjaku amaufuna kwambiri. Ku India, a ICRISAT omwewa ndi anzawo a boma anakwatitsa mtundu umenewu ndi mitundu yawo, ndipo mu 2020 anatulutsa Girnar 4 ndi Girnar 5.

Yohane (ku Joni): Basi, ndinadziwa kuti tikupita ku GMO, mbewu zosinthidwa majini ndi asayansi. Anthu inu musatipusitse. Lero akupha jini ya mtedza, mawa mbewu yathu yamakolo yatha, tizikagula kwa azungu chaka chilichonse. Agogo athu ankadya Chalimbana osaona vuto.

Mlangizi Mwale (Nsipe): A Yohane, werenganinso bwino. Mwanayu wanena kuti F435 anapezeka ali choncho, palibe anamukhudza. Ndipo Chalimbana amene mukumutamayo nayenso ndi mbewu yosankhidwa, sanagwe kumwamba. Za GMO dziko lino lili ndi lamulo lake, Biosafety Act ya 2002, ndipo thonje la GMO lotchedwa Bt linadutsa m'mayeso a zaka zambiri ku Bunda lisanafike kwa alimi. Mtedza wa GMO sitidzala kuno.

Yohane (ku Joni): Lamulo papepala ndi lina, zochitika pamsika ndi zina, alangizi.

Tamanda (Dedza boma): Achimwene a Yohane, nkhawa yanu yogula mbewu chaka ndi chaka ndi yomveka, koma tisaphatikize zinthu zosiyana. FAD2 imeneyi anthu aitseka m'njira zingapo. Pa mtedza inafa yokha, anthu anangoipeza. Pa mpendadzuwa, ku Krasnodar komweko, a Soldatov anaviika njere m'mankhwala osokoneza DNA n'kusankha mwa ana ake, ndipo mu 1976 panatuluka mtundu wa Pervenets, kholo la mpendadzuwa wa oleic wambiri umene ukulimidwa padziko lero. Pa soya, kampani ya Calyxt ku America inadula jiniyo mwadala ndi njira zamakono, mafuta ake n'kulowa pamsika mu 2019. Njira yachitatuyi ndiyo tingakangane. Yoyambayo ndi kukwatitsa mbewu basi, kumene DNA imangogwiritsidwa ntchito poyeza kuti mwana uti watengera.

Kuyezako kumafunika chifukwa chibadwa chimenechi chimabisala. Mukakwatitsa mtedza wa FAD2 ziwiri zamoyo ndi wa ziwiri zakufa, ana oyamba satuluka a oleic wokwera choncho. Mwa zidzukulu, mmodzi yekha mwa 16 ndi amene amatenga zakufa zokhazokha, ndipo ndi maso simungamuzindikire. Kale ankachita kuphwanya njere kuti ayeze mafuta, pano amangodula kachidutswa ka tsamba.

Ndipo pa zogula mbewuzo, mtedza umadzibereketsa wokha duwa lisanatseguke bwino. Mtundu ukakhazikika mukhoza kusunga mbewu yanu n'kudzalanso, ana adzafanana ndi makolo, bola musasakanize pokolola ndi poswa.

Bambo Ngozo (Bembeke): Mwanangu walankhula bwino, koma ine sindinagonje. Mpendadzuwa womwewo, thumba limodzi tinagawana ndi mlamu wanga wa ku Bwanje. Mafuta ake ndi anga sanali ofanana pophika, ndipo anga anayamba fungo msanga. Majini ake si omwewo? Undiyankhe pamenepo.

Tamanda (Dedza boma): Pamenepo agogo mwandigwira bwino, ndipo muli ndi mfundo. Koma si manyowa, ndi kuzizira kwa kwanuko. FAD2 imagwira ntchito kwambiri kukazizira, chifukwa mbewu imafuna mafuta osaundana. Mpendadzuwa umene njere zake zikukhwima m'mphepo ya ku Bembeke umadzaza linoleic, amatha kufika 70 peresenti, pamene wa kuchigwa kotentha ngati Bwanje kapena Golomoti umakhala ndi oleic wochulukirapo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kutsika ku Golomoti mwafika cha m'ma 500, ndiye ndi maiko awiri m'boma limodzi. Majini ndi omwewo koma nyengo ikuwauza kuti agwire ntchito mwamphamvu bwanji. Mitundu ya FAD2 yotsekedwa ija siisintha kwambiri choncho.

Mlangizi Mwale (Nsipe): Ndiwonjezere kuti urea wochuluka pa mpendadzuwa amakweza mapuloteni n'kutsitsa peresenti ya mafuta. Ena amathira ngati ndi chimanga.

Bambo Ngozo (Bembeke): Ndiye kuti ndinali ndi theka la choonadi. Ndalandira theka langalo.

Mayi Nankhoma (Lizulu): Kkkk Angozo sagonja. Ine ndifunse za nsatsi. Amayi anga ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa n'kuyengula mafuta odzola. Anali olemera, onanda, osiyana ndi a mtedza. Chimawalemeretsa n'chiyani?

Tamanda (Dedza boma): Mayi, nsatsi ili ndi jini yotchedwa FAH12, mbale wake wa FAD2 yemweyo. M'malo mopinda unyolo kachiwiri, iyo imapachikapo kagulu ka oxygen ndi hydrogen, n'kutuluka ricinoleic, amene ndi pafupifupi 90 peresenti ya mafuta a nsatsi. Ndi amene amawapangitsa kunanda, n'chifukwa chake mafakitale amawafuna pa girisi ndi penti. Jiniyi anaipeza mu 1995, ndipo poti njere ya nsatsi ili ndi poizoni woopsa uja wa ricin, anaganiza zoisamutsira ku mbewu yopanda poizoni. Ataiika mu Arabidopsis mafuta amtunduwu anangofika cha m'ma 17 peresenti n'kuima. Zinapezeka kuti nsatsi ili ndi ma enzyme enanso, kuphatikizapo DGAT yakeyake, ozolowera kunyamula mafuta achilendowa. Jini imodzi payokha sinakwanitse. Ndipo chonde keke wa nsatsi asapite kukhola.

Che Saidi (Golomoti): Tibwerere ku mpendadzuwa. Wanena kuti mtedza tikhoza kubwereza mbewu. Nanga uwu? Alimi anga ambiri amadzala wotsala wa chaka chatha, ndipo ndikuona mitu ikuchepa, ina ikuchita nthambi, njere zambiri zopanda kanthu.

Mlangizi Mwale (Nsipe): Mpendadzuwa ndi nkhani ina, Che Saidi. Umabereketsana ndi njuchi, ndipo njuchi sizidziwa malire a munda. Ngati unali wa haibulidi, ukabwerezedwa ana amabalalika, wina kutengera uku wina uko, khungu kukhuthala, mafuta kutsika. Ngakhale wosakhala haibulidi umasakanikirana ndi wa mnansi wanu pakapita zaka. Za njere zopanda kanthuzo yang'ananinso njuchi, mwina zachepa chifukwa cha mankhwala opopera.

Che Saidi (Golomoti): Ndikawauza agule mbewu yatsopano amandifunsa kuti ndiwonjezera zingati pa kilogalamu.

Nabanda (Lobi): Ndiye muwayankhe! Funso lawolo ndi labwino. Inu mavenda mumagula chilichonse mtengo umodzi, wakuda ndi wamizere, CG7 ndi kamtedza kouma. Mlimi avutikirenji kugula mbewu yodula?

Che Saidi (Golomoti): Anabanda, inenso kumene ndimakagulitsa ku Lilongwe amangoyang'ana kulemera, chinyezi ndi zinyalala. Palibe anandifunsapo za oleic. Ndiwonjezere ndalama kuchokera m'thumba mwanga?

Aphunzitsi Mbewe (Linthipe): Kumaiko ena mpendadzuwa ndi canola amagula poyeza mafuta, akapitirira mlingo mlimi amalandira yowonjezera. Ndipo canola yemweyo ndi mwana wa nkhani tikukambayi. Poyamba mafuta a rapeseed, kholo la canola, anali ndi erucic acid wopitirira 40 peresenti, amene ankakayikiridwa kuti amawononga mtima. A Keith Downey ndi a Baldur Stefansson ku Canada anasankha mitundu mpaka anamutsitsa pansi pa 2 peresenti, ndipo mtundu wa Tower unatuluka mu 1974. Alimi anasintha msanga chifukwa ogula anasiya kufuna wakalewo.

Yohane (ku Joni): Kwathu kuno sikelo yeniyeniyo ndi yokayikitsa, ndiye mukuti makina oyezera mafuta?

Che Saidi (Golomoti): Sikelo yanga ndi yodindidwa, a Yohane, bwerani mudzaione mukabwera pa Khirisimasi.

Adimini: Abale, za masikelo tinakambirana kale mpaka anthu anatuluka pagulu. Tisabwerereko.

Tamanda (Dedza boma): Kopaletivi ngati ya mayi Nabanda siifunika makina odula. Iwo amafinya okha, ndiye botolo ndilo muyeso. Akhoza kumalandira mtedza mtundu ndi mtundu, osasakaniza, kuumitsa mofanana, kufinya paokha, n'kulemba malita pa thumba. Pakutha pa nyengo imodzi adzakhala ndi ziwerengero zawozawo za ku Lobi, ndipo mtengo kwa mamembala ukhoza kutsatira malitawo.

Nabanda (Lobi): Zolemba malitazo tiyamba, buku lilipo. Koma zolipira mosiyana zidzavuta. Amayi ambiri amadzala Chalimbana dala chifukwa nsinjiro zake sizigwirana posinja ndipo amakoma pokazinga, njere zake zikuluzikulu zimagulidwanso bwino ku Chimbiya. CG7 ukamusinja amachita phala. Ndikawauza kuti alandira zochepa adzati ndikuwalanga chifukwa chokonda ndiwo zotendera.

Mlangizi Mwale (Nsipe): Ndiye Chalimbana asapite kumakina n'komwe. Agulitseni wokazinga ndi nsinjiro, kumakina kuzipita CG7 ndi mpendadzuwa wakuda. Za mtedza wa oleic wambiri wa chiponde chanucho, lemberani kalata ku Chitedze kudzera kwa mlangizi wa dera lanu, kopaletivi ikafunsa amamva kuposa munthu mmodzi. Pakadali pano mabotolo muzidzaza mpaka kukamwa, kutseka zolimba, ndi kuwachotsa padzuwa.

Mayi Nankhoma (Lizulu): Anabanda, kalatayo mukalemba muike ndi dzina la gulu lathu la ku Lizulu. Ndikutumizirani dzina la wapampando kumbali.

Bambo Ngozo (Bembeke): Mufunsenso ngati ulipo mpendadzuwa wosamva kuzizira uja. Koma manyowa ine sindisiya.